Kutsitsimuka si kuchira: The Crash Reel ndi nkhani ya kwathu

Tonse tinaonerapo filimu yotere. Munthu wachita ngozi, ali gone m'chipatala, mutu wokulungidwa ndi bandeji yoyera mbee. Mkazi wake akusisima pambali pa bedi, kanyimbo kachisoni kakumveka chapansipansi. Kenako chala chagwedezeka, maso atseguka, munthu uja waitana dzina la mkazi wake bwinobwino ngati wangodzuka kutulo ta masana. Anamwino akumwetulira, abusa akweza manja kumwamba, filimu yathera pomwepo. Ndili mwana ndinaonera zambirimbiri zotere m'timashedi ta vidiyo ku Kawale, ndipo ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse. Ndinasiya kuzikhulupirira mu 2022, achimwene anga atawombedwa ndi galimoto madzulo ena ali pa njinga yawo ya kabaza.

Lero ndikufuna ndikambe za filimu imodzi imene sinandinamize pa nkhani imeneyi, ngakhale pali pena pamene inangokhala chete pomwe ine ndinkafuna ilankhule.

The Crash Reel si sewero, ndi filimu ya zochitika zenizeni. Anaikonza ndi Lucy Walker, mayi wa ku Britain, ndipo inatuluka mu 2013. Ikukamba za Kevin Pearce, mnyamata wa ku Vermont, ku America, katswiri wa masewera a snowboard. Kwa ife amene sinowo timangomuonera pa kanema, masewerawa ali chonchi: munthu amaponda thabwa limodzi ndi miyendo yonse iwiri, n'kumatsetsereka m'chingalande chokhala ngati mgolo wodulidwa pakati, makoma ake otalika pafupifupi mamita 7. Akafika pamwamba pa khoma amauluka, kutembenuzika m'malere kangapo, n'kuteranso. Kevin anali mmodzi mwa anthu ochepa amene akanatha kugonjetsa Shaun White, mfumu ya masewerawa nthawi imeneyo. Pa 31 Disembala 2009, ku Park City m'chigawo cha Utah, akukonzekera mpikisano wa Olympics wa ku Vancouver umene unangotsala masabata ochepa, anaphonya potera n'kumenyetsa nkhope pakhoma lija. Anali ndi zaka 22. Anali atavala helemeti, koma ubongo unavulala kwambiri.

Ngozi yeniyeniyo inajambulidwa, ndipo Walker akutionetsa. Koma chimene chinandigwira mtima ndi pamene anaika kutsitsimuka kwa Kevin. Sikuli kumapeto. Akutsegula maso filimu ikadali ndi ulendo wautali, ndipo zovuta zenizeni ndiye zikuyamba kumene. Mmene wolemba kapena wojambula wagawira nthawi yake ndi mmene umadziwira chimene akukhulupirira. Walker akukhulupirira kuti nkhani ya kuvulala m'mutu ndi nkhani ya zimene zimachitika alendo ozonda matenda atasiya kubwera. Pamenepo ndikugwirizana naye kotheratu.

Madokotala ali ndi muyeso wotchedwa Glasgow Coma Scale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaukonza ku Glasgow mu 1974. Amaona zinthu zitatu: ngati wodwala akutsegula maso, ngati akulankhula, ndi mmene thupi likuyankhira akamuuza chochita kapena akamutsina. Manambala ake amayambira pa 3 kulekezera pa 15, ndipo 8 kutsika m'munsi ndiye kuti kwavuta. Achimwene anafika kuchipatala ali pa 7. Ine, ndi digiri yanga ya zamabuku, ndinaphunzira muyeso umenewu nditaimirira pakhonde la wodi, foni m'manja, bandulo ikutha. M'mawa uliwonse funso langa kwa adokotala linali limodzi: lero ali pa ngati?

Munthu sadumpha kuchoka pa 7 kufika pa 15. Amakwera ngati nkhalamba pa masitepe, kawiri m'mwamba, kamodzi m'munsi. Achimwene anakhala chikomokere masiku 9. Tsiku limene anatsegula maso sanationenso n'komwe, ankangoyang'ana kudenga. Patapita masiku anayamba kuzula kapaipi kodyera ka m'mphuno, mpaka manja awo tinkachita kuwagwira usiku wonse mosinthana, ine ndi alamu anga. Mawu awo oyamba sanali dzina la munthu aliyense. Anali chitukwano, ndipo chinalunjika kwa mayi athu, amene anali atawerama akuwapukuta kumaso. Achimwene, munthu amene sankatha ngakhale kuwayankha mayi ataimirira. Mayi anangopitiriza kupukuta. Anakalirira kukhitchini ya magadiyani, ali chozyolikira pa mbaula, kuti anthu aziyesa ndi utsi.

The Crash Reel imawadziwa masitepe amenewa. Tikumuona Kevin maso ali mbuu, osatha kuimika khosi. Tikumuona ku Craig Hospital, ku Colorado, chipatala cha anthu ovulala ubongo ndi msana, akuphunziranso kuyenda ndi kulankhula. Tikuona vuto la maso limene linkamuonetsa chinthu chimodzi ngati ziwiri, ndi kuiwalaiwala kwake. Palibe kanyimbo kamene kakutiuza kuti apa ndiye wachira, ombani m'manja. Ndipo Kevin atayamba kuyenda, kuseka ndi kuoneka bwinobwino, ndi pamene Walker akutulutsa nkhani yake yeniyeni: mnyamatayo akufuna kubwerera pa thabwa lake, kukapikisananso.

Apa mpofunika ndifotokoze pang'ono, chifukwa amene sanasamalepo munthu wotere amangoti ndi makani. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, ndi imene imagwira mabuleki a munthu. Ndi imene imakuuza kuti usanene zimenezo, dikira kaye, taganiza za mawa. Pangozi ubongo umagundana ndi chigaza m'kati, ndipo mbali imeneyi imavulala kawirikawiri. Choncho munthu amapsa mtima msanga, amalankhula zosasefa, ndipo nthawi zambiri saona kuti wasintha. Chiwalo chimene chikanamuuza kuti wavulala ndi chomwecho chavulala. Adokotala akumuonetsa Kevin zithunzi za ubongo wake, akumuuza kuti kumenyetsanso mutu kukhoza kumupha, iye akugwedeza mutu ngati wamva, potuluka akukambanso za kubwerera. Ndinaimitsa filimu pamenepo n'kukhala kaye chete, chifukwa nkhope imeneyo ndimaidziwa.

Funso la achimwene linali lakuti, "Njinga yanga ili kuti?" Ankafunsa ali m'chipatala, ankafunsa titatuluka, kakhumi pa tsiku. Ukawayankha kuti ili kwa amakaniko, pakapita mphindi zochepa afunsanso. Kunyumba ankati ndiwo zilibe mchere, zilibe kukoma, alamu asiya kuphika bwino chifukwa akuwaona ngati chitsiru. Tinadzamva pambuyo pake kuti timitsempha ta fungo timadutsa m'kafupa kopyapyala pamwamba pa mphuno, ndipo timaduka mosavuta mutu ukamenyetseka. Munthu akasiya kumva fungo, chakudya chimangokhala ngati gaga. Koma miyezi itatu yonse alamu anali akutukwanidwa chifukwa cha mchere. Wailesi ikalira, phokoso. Mwana wawo akaseka mokweza, phokoso. Kamtsikana ka zaka zisanu kanaphunzira kuyenda monyang'ama m'nyumba ya bambo ake.

Ndiye anthu akakumana nane pamsewu: "Achimwene aja achira eti? Tinawaona akuyenda, Mulungu ndi wamkulu." Ndimavomera, chifukwa n'zoona kuti ndi wamkulu, ndipo n'zoona kuti akuyenda. Koma mawu athu akuti kuchira ali ndi zitseko ziwiri zokha, inde kapena ayi. Ukati achira, anthu asiya kubwera ndi kasopo kaja. Ukati sanachire, ayamba kunong'onezana za misala, ena za kulodzedwa, azakhali ena afika ndi dzina la sing'anga wa kutsidya. Palibe mawu a munthu amene wabwerera koma wabwerera wina.

Munthu amene akunena zimenezi momveka bwino mufilimu yonse si dokotala, ndi David, mkulu wake wa Kevin, amene anabadwa ndi Down syndrome. Banja lonse lakhala pa tebulo pa chikondwerero chawo cha Thanksgiving, aliyense akuyesa kusankha mawu kuti asamukhumudwitse Kevin. David sasankha mawu. Akumuuza m'maso muli gwa kuti sakufuna kuti afe, sakufuna kumuona pa njinga ya olumala, ndipo kuti nkhawayo ikumudwalitsa iyeyo. Walker sanamuike David ngati chokometsera choti tizimvera chisoni. Akutionetsanso David akulimbana ndi ulumali wake womwe, akunena poyera kuti amadana nawo ndipo akuvutika kuuvomera. Ndiye abale awiriwa ali pa ntchito imodzi, yovomera ubongo umene ali nawo, ndipo amene dziko limamuona ngati wotsalira ndi amene ali patsogolo. Kwa ine apa ndi pamene filimuyi yafika pamwamba penipeni, ndipo palibe munthu akuuluka m'malere.

Pali chigawo chinanso chovuta kuonera. Kevin ndi mayi ake, Pia, akukumana ndi mnyamata wina wa masewera omwewa amene anavulala ubongo, n'kubwerera, n'kuvulalanso kachiwiri. Mnyamatayo akuwalankhula mayi ake mwachipongwe pamaso pa kamera, osaona vuto lililonse. Nkhope ya Kevin ikusintha. Zimene zithunzi za adokotala zinalephera kumuuza, akuziona mwa munthu mnzake. Walker sakuthirirapo ndemanga, wangosiya kamera ikhale. Ndi ulemu waukulu kwa woonera.

Tsopano zimene sindikugwirizana nazo.

Choyamba n'chaching'ono. Nthawi yambiri kumayambiriro yapita pa mpikisano wa Kevin ndi Shaun White, ndipo White akuoneka ngati mdani wa m'nthano. Sizikuthandiza nkhani. Amene anavulaza Kevin si White.

Chachiwiri n'chokulirapo. Walker akudzudzula masewerawa, kuti makoma akunka natalika, makampani akupanga ndalama, ndipo anthu amakonda kuonera anzawo akugwa. Koma podzudzulapo iyenso akutisanjira ngozi zambirimbiri motsatizana, zodulidwa mwaluso, nyimbo ikulira. Ukuonera thupi likukunyerenyetsa, ndipo sungakane kuti maso ako akufuna ina. Mwina ndi dala, kuti tidzigwire tokha tikusangalala ndi zoopsa. Koma ine ndinaona ngati munthu wolalikira zoipa za mowa atanyamula chipanda, akutilawitsa kuti timvetse.

Chachitatu si ine ndinachiona, ndi alamu. Ulendo wachiwiri ndinaonera nawo pa laputopu usiku, achimwene atagona, ine ndikumasulira ngati anyamata omasulira mafilimu aja. Anaonera chete mpaka pamene Adam, mkulu wina wa Kevin, wasiya ntchito kuti azikhala ndi mng'ono wake kuchipatala tsiku ndi tsiku. Alamu anandigwira pamkono.

"Taimitsani kaye, alamu. Nanga iwowa nthawi yonseyi akudya chiyani?"

Ndinaseka, koma funso limenelo ndi limene filimuyi sinafunse. Bambo a Kevin, Simon Pearce, ali ndi kampani yodziwika yopanga ziwiya zagalasi ku Vermont. Banjali lili ndi nyumba yabwino, tebulo lodzaza, ndi mwana amene angathe kusiya ntchito popanda wina kugona ndi njala. Sindikuwanena, chikondi chawo n'chenicheni ndipo ululu wawo ndi weniweni. Komanso sindinganame kuti Walker sakudziwa za ndalama. Akutiuza za Sarah Burke, katswiri wa ku Canada amene anagwa m'chingalande chomwecho cha ku Park City mu Januwale 2012 n'kumwalira patapita masiku 9, ndipo banja lake linatsala ndi ngongole yachipatala mpaka anthu kuchita kusonkha. Koma zimenezo zikubwera ngati nkhani yapambali. Pa tebulo la a Pearce, funso ndi limodzi lokha: kodi Kevin avomera kuti moyo wake wakale watha? Onse angathe kumuuza kuti usabwerere, chifukwa akapanda kubwerera palibe chimene chisowe pakhomo kupatula mendulo.

Kwathu sizinali choncho. Njinga ija ndi imene inkalipira lendi. Ndi imene inkagula ufa, makala, yunifolomu ya mwana. Ndipo ndinene chimene chimandivuta kunena: ndi imene inandiphunzitsa ine. Bambo atamwalira, achimwene anasiya sukulu ali Fomu 3, anayamba ndi njinga yakapalasa, kenako yamoto, ndipo ndalama za m'thumba zimene ndinkalandira kukoleji zinkanunkha petulo. Choncho mwezi wachisanu ndi chiwiri, atanena kuti Lolemba akubwerera pa siteji, panalibe amene akanayankha mopepuka ngati David. Mwezi wachisanu anali atagwa khunyu kamodzi, zimene zimachitika kwa ena akavulala ubongo, ndipo anali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Munthu wotere sayenera kuyendetsa njinga, makamaka atanyamula mwana wa eni kumbuyo. Tonse tinkadziwa. Koma lendi inali itatsalira miyezi iwiri.

Tinakhala pabwalo madzulo, pamphasa, mayi, alamu, amalume ndi ine. Amalume anazungulira ndi miyambi. Mayi anangoti, "Mwana wanga, ndinakulirira kamodzi, kachiwiri sindingathe." Achimwene anatembenukira kwa ine.

"Iwe wophunzirawe, tanena. Ndikakhala pansi, ana anga udyetsa ndiwe?"

Sindinakhale ndi yankho labwino. Nthawi imeneyo ndinali ndikuphunzitsa pa kasukulu kena kapulaiveti, malipiro ake ongokwanira thiransipoti ndi sopo. Ndinati, "Achimwene, ndiyesetsa." Iwo anaseka, kuseka kowawa, n'kulowa m'nyumba. Mabuleki a ubongo wawo anali ovulala, inde, koma pa funso limenelo sanalakwitse masamu ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati kufuna kubwerera kwa munthu wovulala m'mutu ndi chizindikiro cha matenda basi. Pena ndi matenda. Pena ndi bambo amene akuwerenga bwinobwino matumba a ufa. Nthawi zambiri ndi zonse ziwiri pamodzi, ndipo wosamalira uyenera kuzisiyanitsa uli wotopa, uli ndi mantha, ulinso ndi ngongole kwa munthuyo.

Ndi zimenezi zimene ndikanakonda The Crash Reel ikanakhudza, ngakhale pang'ono. Ku America komweko aliko anthu amene amabwerera pa ntchito yoopsa asanachire chifukwa cha lendi. Walker anasankha banja limene lingathe kutionetsa vuto la mumtima lili lokhalokha, losasakanikirana ndi njala. Kusankha kumeneko kwapangitsa filimu kukhala yomveka bwino, koma kwaipangitsanso kukhala yoyera kuposa moyo. Ngakhale ntchito yeniyeni ya gadiyani, kutembenuza munthu maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda, kuchapa zofunda, kusefa phala kuti lidutse m'kapaipi, kumeneko imagwiridwa ndi anthu olembedwa ntchito. Kuno imagwiridwa ndi mkazi wako ndi mlongo wako, ndipo mawa lake uwatukwana osakumbuka kuti anakusambitsa.

Komabe ndingauze aliyense amene ali ndi wodwala wotere pakhomo kuti aionere. Kevin anabwereradi pa sinowo patatha pafupifupi zaka ziwiri, koma ku mipikisano yake yakale sanabwerere, ndipo filimu ikutionetsa akufika pomvetsa zimenezo pang'onopang'ono, mokakamizika, osati ndi chozizwitsa. Pambuyo pake iye ndi Adam anayambitsa bungwe la LoveYourBrain lothandiza anthu ovulala ubongo. Filimuyi sikulonjeza kuti munthu wako abwerera mmene analili. Ikukuuza kuti kupsa mtima kwake si ufiti, kuiwala kwake si mwano, ndipo iwe wotopa nayewe sunalakwe. Mu 2022 palibe amene anandiuza zimenezo, ndipo ndikanazimva ndikanagona bwinoko masiku ena.

Kwathu zinatha chonchi, ngati kutha kwake n'kumeneku. Amalume ndi ine tinasonkherana n'kukonzetsa njinga. Tinaipereka kwa mnyamata wina wa kutchalitchi kuti aziyendetsa, madzulo azibweretsa ndalama imene tinagwirizana. Ndi yochepa poyerekeza ndi kale, ndipo alamu anayamba kuphika mandasi kuti zikwanire. Achimwene anakwiya sabata zitatu osandilankhula. Kenako anaika lamulo lawo: njinga izigona m'nyumba mwawo, kiyi azisunga iwo, ndipo mnyamatayo asachoke pakhomo asanamange lamba wa helemeti pachibwano. Yawo tsiku lija inali pamutu, koma lamba anali womasula, inagwera kwina iwo kwina.

M'mawa uliwonse amaipukuta ndi kansanza, amayang'ana oyilo, amagogoda matayala. Madzulo amawerenga ndalama kawiri, pena katatu, n'kulemba m'kope limene ndinawagulira, chifukwa akapanda kulemba mawa amati sanalandire. Ndiwo akuti zilibebe mchere, koma tsopano amadziwa chifukwa chake, ndipo tsiku lina ndinawamva akuwauza alamu kuti, "Si inu ayi, ndi mphuno yangayi." Alamu anapita kuseri kwa nyumba kukatenga nkhuni zimene sankazifuna.

Filimu ija ikadali mu laputopu. Achimwene sindinawaonetse. Sabata yatha anandipeza ndikulemba zimenezi, anasuzumira pa sikirini pomwe panali chithunzi cha Kevin ali m'malere, thabwa kumapazi, n'kufunsa kuti mzunguyu akutani. Ndinati ndi munthu wina amene anavulala m'mutu ngati inu. Anayang'anitsitsa kanthawi.

"Anachira?"

Ndinati akuyenda, akulankhula, akugwira ntchito ina.

"Basi ndi momwemo," anatero, n'kutuluka kukadikira njinga yawo pamsewu.